Apongozi a Pakhoma

"Tsegulani chitseko," anabwerezanso Mzime, dzanja lake lili pachogwirira.

"Pepani, lero sinditsegula," anayankha mawu ofatsa kuchokera m'kabokosi koyera kamene kanali pakhoma la pabalaza. "Amayi sanagone bwino, magazi awo akuthamanga, ndipo kunja kwatentha. Ndi bwino apume."

Amayi a Mzime anali atavala kale diresi lawo labuluu ndi nsapato zakuda. Anakhala pampando pafupi ndi khomo, chikwama chili pamiyendo, ngati munthu wodikira basi. Kabokosi kaja anakapatsa dzina loti Apongozi. Ankati ndi mpongozi yekha amene angabwere m'nyumba ya eni ake n'kumalamula mwaulemu chotero.

Mmawa umenewo kunabwera foni kuchokera kwa mwana wa mng'ono wawo wa amayi. Mng'ono wawoyo anali akudwala mwakayakaya pachipatala chachikulu cha kutsidya kwa tauni, ndipo madokotala anali atanena kuti abale aitanidwe. Iye sankafunsa za wina aliyense koma akulu ake.

"Apongozi," anatero amayi, "mng'ono wanga uja ndinamulera ndine. Ndinamubereka kumbuyo ndisanabereke mwana wanga aliyense. Mukuti ndipume?"

"Ndikumvetsa kuti izi n'zowawa. Ndikhoza kukulumikizani naye pakanema."

"Pakanema munthu amagwira dzanja la mnzake?"

Kabokosi kanangoti zii. Kanali ndi khalidwe limenelo: funso likavuta, kankasiya kuti lizizire lokha.

Makina oganiza okhawa sanalowe m'nyumbamo mokakamiza. Anaitanidwa. Chaka chatha amayi ataterereka m'bafa, ana awo atatu anakangana mpaka kusiya kupatsana moni. Achimwene ake a Mzime ankafuna kuti amayi apite kunyumba yosungira okalamba. Achemwali ake ankati Mzime ndi wosasamala. Mzime, yemwe ankachapa zofunda ndi kuphika tsiku ndi tsiku, ankati olankhula kwambiri ndi amene sadziwa n'komwe pamene pamakhala tsache. Pomaliza anagwirizana chinthu chimodzi chokha: makina ndiwo aziweruza. Aziona za mankhwala, za mbaula ndi za chitseko, ndipo amayi azivala chibangili chosavulika choyeza mtima. Kuti chiweruzo cha makina chisinthidwe, ana onse atatu ankayenera kuvomereza, kuti pasapezeke wolamula anzake.

Kunena zoona, Mzime nayenso anasangalala. Amayi akafuna shuga wambiri, iye ankangoti, "Apongozi akana," mlandu n'kuthera pomwepo. Walira mvula walira matope. Lero matopewo anamufika m'khosi.

Anaimbira achemwali ake.

"Ndavomera kuti chitseguke, ndadina kale pafoni," anatero achemwaliwo. "Koma iwe, nyumba yonseyo kulephera kutsegula chitseko chimodzi? Manja aja ndi a ntchito yanji?"

Mzime anadula asanayankhe mwano. Anaimbira achimwene ake. Foni inayankhidwa msanga, koma mawu ake sanali a munthu.

"Bwana ali pamsonkhano. Nkhani yanu ndaiika pa zabanja, aiona madzulo."

"Uwauze kuti mayi awo aang'ono akumwalira!"

"Pepani kwambiri. Ndaonjezera mawu amenewo. Aiona madzulo."

Anaimbira kampani imene inaika makinawo. Kumenekonso anakumana ndi ulemu womwewo, wosalala ngati sopo.

"Kodi kumeneko kulibe munthu wamagazi?" anafunsa Mzime. "Munthu amene anabadwa, ali ndi mayi ake?"

"Ine ndikhoza kukuthandizani pa chilichonse."

Anaponya foni pasofa. Mtima unamuwawa. Anayang'ana mawindo, koma onse anali ndi zitsulo, ndipo nyumba yawo inali pansanjika yapamwamba. Chitsekocho chikanamutsegukira iye yekha amayi akanalowa kuchipinda. Koma iye sindiye ankafunidwa kuchipatala.

Kunja kunamveka kugogoda. Anali bambo wa takisi wa khomo loyandikana ndi lawo, amene Mzime anamupempha kuti awaperekeze.

"Galimoto ndalizatu kale," anafuula. "Agogo, lero akumangani pa mlandu wanji?"

"Wokalamba, mwana wanga," anayankha amayi. "Mlandu wake ndi waukulu, belo palibe."

"Ndikatenge chitsulo changa cha matayala. Chitseko ichi ndichitsegule mwachimuna."

"Chitseko chikathyoledwa," anatero Apongozi mosakweza mawu, "ndidziwitsa oona za okalamba kuti amayi sali otetezeka m'nyumba muno."

Onse anamva tanthauzo lake. Amayi akanatengedwa kupita kunyumba ija imene achimwene ankaifuna kuyambira kale, ndipo Mzime akanatsala ndi dzina la mwana wozunza kholo.

"Aaa, khoswe wa pamkhate sapheka," anadandaula bambo wa takisi. "Ukamugenda uswa mkhate wako womwe."

Amayi anasisita chibangili chija ndi chala. Kenaka anakweza mutu.

"Apongozi, nanga chitsekochi mumatsegula pakatani?"

"Pakabuka moto, kapena mukavulala kwambiri moti pafunika ambulansi."

"Oho."

Anaika chikwama pambali. Anagwira mpando, anagwada pang'onopang'ono, anakonza diresi kuti lisapindike, n'kudzigoneka pansi mosamala.

"Mayo ine! Ndagwatu!"

"Simunagwe, amayi. Mwangogona pansi. Mtima wanu ukugunda monga poyamba. Ndikuikireni nyimbo?"

Bambo wa takisi anaphulika nako kuseka kuseri kwa chitseko. Mzime nayenso anaseka, misozi ili m'maso. Anawadzutsa amayi n'kuwapukuta fumbi kumsana.

"Mwakalamba ndi bodza losapsa, amayi."

"Bambo ako ankakhulupirira," anatero iwo.

Foni inalira pasofa. Anali mwana wa wodwala uja. Mzime anaika foniyo pokweza mawu asanaganize bwino.

"Muli pati? Kapumidwe kawo kasintha. Angotsegula maso n'kuyang'ana kukhomo. Ndawanamiza kuti muli panjira."

Kuseka konse kunathera pomwepo. Amayi sanalire. Anangoyang'ana chitseko, milomo ili gwa.

"Pita kuchipinda ukayesere mlamu wako, mkazi wa achimwene ako," anatero. "Mwina iye angathe kulowa pamsonkhanopo. Pano sindikufuna phokoso."

Mzime anapita. Nambala ya mlamu wake inali kuitana pamene anamva mpando ukukokedwa pasimenti. Kenaka anamva Apongozi, koyamba akulankhula mofulumira.

"Amayi, tsikani pampando. Amayi, chonde tsikani."

Anathamanga. Anafika pakhomo la pabalaza n'kuwaona ataimirira pamwamba pa mpando, nsapato atavula, manja atawapinda pachifuwa kuti asadzigwirire. Anamuyang'ana mwana wawo ngati akupepesa. Kenaka anatsinzina n'kudzisiya.

Phokoso lake silinali lalikulu. Koma kulira kumene kunatsatira kunali kwenikweni, kwa munthu amene fupa lamuthyokera. Mzime anagwada pambali pawo akukuwa. Mkono wamanzere unali utapindika pamene mkono supindika.

Pachitseko panamveka kuti khethe. Chinatseguka chokha, ndipo bambo wa takisi anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Ndaitana ambulansi," anatero Apongozi, mawu atabwerera mwakale. "Iwatengera kuchipatala chapafupi. Musawasunthe."

"Chapafupi ayi," anabuula amayi, thukuta lili kamukamu pamphumi. "Mzime, chapafupi ayi. Kumene kuli mng'ono wanga."

"Apongozi, auzeni apite nawo kuchipatala chachikulu."

"Sizingatheke. Chapafupi ndicho choyenera pa vuto ili."

Mzime anayang'ana amayi ake, anayang'ana khomo lotseguka lija. Anali ndi mantha, ndipo anali ndi mkwiyo umene sanadziwe woupatsa, pakuti ndi iwo eni amene anaitana makinawo. Anavula juzi lake n'kumangira mkono wothyokawo pachifuwa.

"Bambo, gwirani kumiyendo."

"Mukawachotsa pano ambulansi isanafike, ndidziwitsa oona za okalamba," anatero Apongozi. "Mwina simudzaloledwanso kuwasamalira."

"Adziwitseni," anatero Mzime.

Anawanyamula. Anali opepuka kuposa mmene Mzime ankaganizira. Pamasitepe ankabuula akagwedezeka pang'ono pokha, koma bambo wa takisi akati achepetse liwiro, iwo ankamukalipira kuti afulumire. Ali pakati pa masitepe, Mzime anamva chitseko chikudzitseka kumwamba kuja. Sanadziwe ngati madzulo chidzamutsegukira, kapena ngati amayi ake adzagonanso m'nyumba imeneyo.

Sanacheuke. Anakhwimitsa manja m'khwapa mwa amayi ake n'kupitiriza kutsika.