Chithupsa Chobisala M'meshi

Ine ndimaona zinthu msanga. Tikondane, mdzukulu wanga amene ndimakhala naye ku Ching'ambo, amati ndimaona ndi zomwe kulibe. Koma zithupsa zija zinalipo ndithu, m'miyendo ndi m'khwapa, zina zikutuluka mafinya. Malemu mayi ake anayamba chomwecho. Mtsikanayu anabadwa nako kachilombo, ma ARV amamwa ine ndili tcheru pambali. Ndiye mtima unangoti myuu: kodi mankhwala aja atopa naye?

"Agogo, ndi zithupsa chabe."

"Chabe? Usafinye. Usadye mazira. Kabaza usakwere, mphepo ilowamo."

Kwathu ku Thyolo munthu sapita kuchipatala ngati wopanda abale. M'mawa ndinamusambitsa, ndinapukuta mafinya onse, n'kumupaka jivi, mankhwala a mtundu wa pepo aja, paliponse pamene ndinaona chilonda.

Adokotala, bambo wansangala dzina lawo a Gomezgani, atangoona miyendo ija anagwira pakamwa.

"Monile agogo. Mwabweretsa wodwala kapena bilinganya?"

Tikondane anaseka mpaka misozi. Ine ayi.

"Mwamusamala chomene, yewo," anatero adokotala m'chiyankhulo chakwawo. "Koma kwa munthu amene ali ndi kachilombo zilonda zimakhala zamitundumitundu. Pali mashingozi, pali chipere, pali za tizilombo toyambitsa mafinya, chilichonse ndi mankhwala ake. Ndimafuna ndione mtundu wa khungu, nditengenso mafinya akawayeze. Inu mwaziveka yunifomu imodzi zonse, mafinya mwapukuta. Mwina mubwerenso jiviyu akasuluka."

Kudikira! Mayi ake tinadikira nawo chomwecho. 

Pamenepo Tikondane anandiyang'ana cham'mbali, n'kukweza meshi yake pang'onopang'ono. Kuseri kwa khosi kunali chithupsa chonenepa, chakupsa, chosapakidwa kanthu.

"Iwe! Chimenechi unandibisira?"

"Mukanandimeta mpala, agogo. Simunanene kuti meshi imayitana matenda?"

"Ndipo ndikunenabe!"

A Gomezgani anaomba m'manja ngati apeza bowa. Anatenga mafinya ndi kamtengo ka thonje, anamutenganso magazi. Anatipatsa mapiritsi oyambira n'kutiuza tsiku lobwerera.

Masiku amenewo ndinkamugwira pamphumi mpaka anayamba kundithawa. Titabwerera, adokotala anandipatsa mpando ndisanapemphe.

"Agogo, ma ARV akugwira bwino ntchito, kachilombo kali phee. Izi ndi tizilombo ta pakhungu, tomwe aliyense angatenge, kungoti kwa iyeyu sitichedwa nato. Mapiritsi aja ndi oyenera. Amalize onse."

"Amaliza. Ndilipo ine."

"Zimenezo sindikukayika," anatero akuseka.

Pobwerera Tikondane anaimitsa kabaza, ndipo ndinamulola. Ndinangouza wopalasayo kuti asathamange, apewe maenje, asayang'ane atsikana m'njira. Zilonda zinauma, jivi ndinakamuponya kuchimbudzi. Meshi ija ndinati amasule. Anati ndiyambe ndaithokoza.