Mpando Wozungulira

Amuna anga ndi adalaivala a basi, kapena ndinene kuti anali. Jakisoni amene anawachiritsa chifuwa chachikulu anawasiyira vuto lina: akangogwedeza mutu, dziko lonse limadumphadumpha. Chikwangwani amachiwerenga ataima chilili, koma akangoponya phazi zilembo zimabalalika ngati nyerere. Abwana awo anati malo awasungira mpaka mvula itagwa, ikangogwa alemba wina.

Titamva kuti kuchipatala chachikulu akufufuza za maso ndi makutu, tinathamangirako. Anatiuza poyera kuti ndi kafukufuku chabe, si mankhwala. Koma khutu la munthu wovutika limatola zokhazo zimene likufuna.

Chipindacho chinalibe zenera. Pakati panali mpando wachitsulo wa malamba. Amakumangirira, n'kukuveka chimagalasi chokhala ndi kamera, n'kuzimitsa magetsi, mpando n'kuyamba kuzungulira. Pa kompyuta maso ako amaoneka aakulu ngati a ng'ombe.

Ankafunanso anthu abwinobwino oti aziyerekezera nawo, ine n'kudzipereka ndi changu changachi. Mayo ine! Mpando utaima, maso anga ankangothamanga okha, denga likubwera pansi. Ndinasanza m'ndowa anthu akuona.

Amuna anga anatsika pampandopo akuseka.

"Mayi a ana, mwandichititsa manyazi! Ine ndiye olo pang'ono. Zaka zonsezi ndili pachiwongolero, kampando aka kangandiuze chiyani?"

Chidwalireni ndinali ndisanawamve akuseka choncho. Nanenso ndinaseka, kukamwa kukuwawa.

Dokotala wofufuzayo, mtsikana waulemu wake, anaitana anzake kuti adzaone. Mpando unali utazungulira mpaka kutopa, koma maso a amuna anga pa kompyutapo anangoti phee. Ataona anthu aunjikana, bambowo anandinong'oneza: "Mwaona? Akudabwa nane."

Kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera kwathu ankamva nkhani ya ndowa yanga.

Ulendo womaliza, amuna anga atapita kukataya madzi, ndinapeza mpata.

"Adokotala, nanga kuntchito abwerera liti? Pajatu chizungulire alibe."

Mtsikanayo anandikokera mpando, ndipo ndinadziwiratu kuti si zabwino.

"Mayi, m'kati mwa khutu muli kachiwalo kamene kamamva mutu ukatembenuka. Ndiko kamauza minofu ya maso kuti iwabweze msanga, zinthu zisamagwedezeke. Inu munasanza chifukwa kanu ndi kamoyo. Bambo samva kanthu chifukwa kawo kanafa, makutu onse awiri."

"Sikangadzukenso?"

"Ayi. Kuyenda tiwaphunzitsa, azolowera. Koma za basi aiwale. Ndinawafotokozera tsiku loyamba lomwe, anangoti zikomo."

Mtima wanga unasweka. Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira ndani? Jakisoni amene anandibwezera mwamuna? Mtsikana amene sanatinamize? Ndinalakalaka ndikanatulutsa kachiwalo kangako n'kuwapatsa, ine ntchito yanga ndi yokhala pansi.

Titatuluka, kumwamba kunali kutayamba kuda, mphepo ikununkhira mvula. Basi ya kuntchito kwawo inadutsa, iwo anaima chilili kuti aone bwino nambala yake. Kenako anandigwira mkono.

"Gwirani ine, mungagwe ndi chizungulire chanucho," anatero, thupi lawo lonse litatsamira pa ine. "Tikafika mundisitire yunifolomu. Mawa ndikawauze abwana kuti ndakhoza."

Ndinawagwira zolimba, n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Titafika ndinaisita bwinobwino, mpaka kolala.