Gitala Yolira Mochedwa

A Tcheya anayang'ana wotchi kachitatu, ndipo ulendo uno sanabise n'komwe.

"Folo koloko ikakwana tisanamalize, ndimuimbira wagitala wina uja," iwo anamunong'oneza Injiniya. "Usandione ngati mfiti, mwana wanga. A wailesi akuifuna mawa m'mawa nyimboyi. Zonse zinalowa kale, kwangotsala gitala ya bambo ako."

Injiniya anangoyang'ana pakompyuta. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake omwewo, tsiku limene anatulutsa bedi m'chipinda cha alendo n'kuikamo tebulo, kompyuta yakale ndi kabokosi kolumikizira zida zoimbira, n'kutsamiritsa matiresi awiri kukhoma kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Poyamba linali dzina lomunyogodola, poti anthu ankati mtsikana ndi mawaya n'zosayenderana. Patatha zaka zitatu oimba akubwera okha kudzajambulitsa, anthu anasiya kuseka polititchula.

Bambo akewo anali pampando wopanda manja pakati pa chipinda, gitala ili pamwendo. Anali ataimba zaka makumi atatu ndi ziwiri m'bandi ya a Tcheya, mpaka sitiroko inawagwetsa kubafa miyezi isanu ndi itatu yapitayo n'kuwafooketsa dzanja lamanja. Kuyambira pamenepo ankakhalira kufinya kampira ndi kukanda gitala yosalumikiza pakhonde. Lero linali tsiku lawo loyamba kubwerera pantchito, ndipo amene anawakakamiza, amenenso anachonderera a Tcheya kuti awadikire, anali Injiniya.

Zonse anazikonza ndi manja ake. Ampulifaya anaikana chifukwa imang'ung'udza ngati njuchi, choncho waya wa gitala anaulowetsa mwachindunji pabowo loyamba la kabokosi, n'kukweza mphamvu mpaka kagetsi kobiriwira kanayamba kuphethira. Pabowo la mahedifoni anaikapo kawaya kogawa pawiri, ena a bambo ake, ena ake. Gitala yamagetsi yopanda ampulifaya imangonong'ona, ndiye chilichonse chimene mkuluyo ankamva, kaya ng'oma, bezi kapena zala zake zomwe, chinkadzera m'mahedifonimo.

"Adadi, tiyesenso. Ulendo wachisanu."

"Tiye nazo, Injiniya," anayankha akumwetulira kumwetulira kouma.

Injiniya anadina batani lojambulira. Ng'oma zinalowa, bezi inatsatira, ndipo gitala inayamba bwino ndithu, mawu ake omwe aja amene Injiniya anakula akuwamva. Koma posakhalitsa inayamba kutsalira. Bambo ake anathamanga kuti apeze ng'oma, anazipitirira, anabwerera, kenaka zala zinakolana. Anasiya okha nyimbo isanafike pakati. M'chipindamo munali motentha, mawindo otseka, fani yozimitsa, ndipo thukuta linkatsika m'masaya mwawo n'kudonthera pagitala.

"Pumulani kaye, achimwene," anatero a Tcheya ndi mawu ofewa. "Thupi silikakamizidwa."

Pali anthu ena oti akamakuchitira chifundo umalakalaka akanangokutukwana. A Tcheya anali otero. Kale gitala ikaphonya ankakalipa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, ndipo awiriwo ankatha sabata osalankhulana. Lero ankalankhula ngati ali pambali pa bedi la kuchipatala, ndipo Injiniya anaona kuti bambo ake amva kusiyanako.

"Kamodzi kokha," anapempha mkuluyo.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi unaipa kuposa onse. Anavula mahedifoni pang'onopang'ono, anagoneka gitala pampando, n'kuima akuyang'ana dzanja lawo lamanja ngati ndi la munthu wina.

"Ndikapitidweko kamphepo," anatero, n'kutuluka.

A Tcheya anapumira m'mwamba, anatulutsa foni m'thumba, nawonso n'kutuluka. Wotchi ya pakompyuta inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti folo ikwane.

Injiniya anatsala yekha, mtima ukumuwawa. Anakwiyira a Tcheya, anakwiyira a wailesi, koma kwenikweni anadzikwiyira yekha. Munthu anali phee pakhonde pake ndi kampira kake, akukhulupirira kuti tsiku lina adzaimbanso. Iye ndiye anamukoka kudzamuyalutsa pamaso pa mnzake wakalekale. Anadzuka kuti azule waya wa gitala, mahedifoni akadali kumutu, ndipo ponyamula gitalayo chikhadabo chake chinakola nsambo yaikulu.

Anamva nsamboyo ikunjenjemera pachala, koma kulira kwake kunafika m'makutu pambuyo.

Anaima. Anaikhudzanso, maso ali pachala. Chala chinachoka, kenaka mawu n'kubwera. Kuchedwako kunali kochepa, kosakwana kuphethira kwa diso, koma kunalipo, ngati kugogoda chitseko n'kumva kugogodako utachotsa kale dzanja.

 Anawerama pa kabokosi kaja. Pafupi ndi bowo la mahedifoni pali kabatani kozungulira. Ukakapotozera kumanzere, woimba amamva chida chake nthawi yomweyo. Ukakapotozera kumanja, mawu amayamba alowa m'kompyuta, n'kuzungulira m'menemo, kenaka n'kubwerera m'makutu. Kabataniko kanali kumanja mpaka kumapeto. Anakapotoza yekha m'mawa pomvetsera ng'oma ndi bezi, ndipo anaiwala kukabweza. Kompyuta yake yokalambayo, itasenza zida zonse za nyimboyo, inkabweza mawu mwaulesi. Iye sakanazindikira, poti wongomvetsera amangomva gitala yochedwa n'kunena kuti woimba wachedwa. Wodziwa ndi mwini chala yekha.

Kwa kanthawi maganizo oipa anamufikira. Akanatha kungokabweza mwakachetechete, n'kupempha ulendo umodzi wotsiriza, ndipo palibe akanadziwa. Theka la oimba amene ankabwera m'chipindamo ankatumizidwa ndi a Tcheya, ndipo a Tcheya pakamwa sipatsekeka. Koma bambo ake akanapita kukagona akukhulupirira kuti dzanja linawakana kasanu ndi kamodzi. Panalinso mantha ena aakulu kuposa amenewo: bwanji atakonza, gitala n'kuchedwabe? Pamenepo sipakanakhalanso pobisala.

Anatuluka chothamanga. A Tcheya anali m'kanjira kopita kukhitchini, foni ili kukhutu.

"Ankolo, dulani foniyo."

"Ikuitana kale."

"Dulani, chonde. Si adadi. Ndine ndalakwitsa. Mawu amawafika mochedwa m'mahedifoni."

A Tcheya anadula, koma anamuyang'ana ndi diso lachisoni lomwe lija. "Mwana wanga, kuikira kholo kumbuyo n'kwabwino. Koma makutu ndili nawo. Ndamva ndekha."

"Bwerani mumvenso bwino ndiye."

Anawakoka dzanja, ulemu ataiwala. Analowetsa waya wa maiki pabowo lachiwiri, anakweza mphamvu, anawaveka mahedifoni a bambo ake akadali onyowa ndi thukuta, n'kuyatsa nyimbo.

"Imbani vesi yoyamba."

A Tcheya anakonza kukhosi monyada, monga munthu amene nyimboyo anaipeka yekha. Mawu atatu oyamba anatuluka bwino. Achinayi anawabwereza kawiri, achisanu lilime linapindika, ndipo anayamba kuchita chibwibwi ngati mboni yabodza.

"Chotsa! Chotsa!" anakuwa akuvula mahedifoni. "Chinthuchi chikundiyankha ngati mlamu wamwano! Ndiye munthu waimba kasanu ndi kamodzi ndi zimenezi m'makutu?"

"Eya, Ankolo. Kulakwa n'kwanga."

"Iwe, za iwe tikambirana bwino. Kaitane bambo ako."

Anawapeza pakhonde, atakhala pasitepe, manja ali pakati pa mawondo. Anagwada pambali pawo n'kufotokoza zonse. Iwo anamvetsera osamuyang'ana.

"Zisiye, Injiniya. Muuze Tcheya aitane mnzathuyo. Nyimbo isafe chifukwa cha ine."

"Adadi, ingokhudzani nsambo imodzi. Imodzi yokha. Mukakana pamenepo sindikuvutitsaninso."

Galimoto ziwiri zinadutsa mumsewu. Kenaka mkuluyo anagwira chipilala n'kudzuka.

Kunali kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Injiniya anazula waya wa maiki, anapotozera kabatani kaja kumanzere, anayesa yekha ndi chala, n'kuwaveka mahedifoni. Bambo ake anakhudza nsambo imodzi. Nkhope sinasinthe. Anakhudza ina, kenaka anayendetsa zala kutsika ndi kukwera, ndipo anagwedeza mutu movomereza osatsegula maso.

Injiniya anadina batani lojambulira, chala chili thukuta lokhalokha. Ng'oma zinalowa, bezi inatsatira, gitala inalowa. Injiniya sanapume pamene inkayandikira malo amene inkagwera aja. Inadutsapo. Inadutsanso pakati pa nyimbo, phazi la mkuluyo likugunda pansi limodzi ndi ng'oma. Pavesi yachitatu chala chimodzi chinaterereka n'kuliza nsambo yolakwika, ndipo mtima wa Injiniya unalumpha, koma gitala sinatsalire. Inayenda ndi ng'oma mpaka kumapeto.

Atamvetsera pa masipika, a Tcheya anakwinya nkhope.

"Pavesi yachitatu paja mwapanga chiyani, achimwene? Zaka zonsezi simudziwabe pamene pali nsambo yachiwiri?"

"Ndipo iwe unayamba liti kudziwa nsambo?" anabweza bambo ake.

"Ndikamwe madzi ine, anthu inu mundipha," anatero a Tcheya akutuluka, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya ngati ndi thukuta.

Atatsala awiri, Injiniya ananjuta pafupi ndi mpando. 

"Mundikhululukire, adadi. Koma inu simunamve kuti mawu akuchedwa?"

"Ndinamva. Kuyambira ulendo woyamba."

"Nanga osanena bwanji? Si inu mumati safunsa anadya phula?"

Bambo ake anatembenuza dzanja lamanja, analifumbata, n'kulitambasula.

"Chidwalireni, mwanawe, zinthu zambiri zimandichedwera. Ndikaliuza dzanjali kuti tenga kapu, limamva mochedwa. Nthawi zina amayi ako amalankhula, ine n'kumva atamaliza kale. Ndiye lero nditamva gitala ikubwera m'mbuyo, sindinadziwe ngati zili m'makina ako kapena m'mutu mwangamu." Anakweza maso. "Ndimaopa kuti ndikakufunsa, undiyankha kuti kwa iwe zikumveka bwinobwino."

 Injiniya misozi inamutsekereza maso, ndipo pofuna kubisa nkhope anatembenukira ku kabokosi n'kugwira waya wa gitala.

"Usazule," anatero bambo ake, akuvalanso mahedifoni. "Bweza pavesi yachitatu. Cholakwa chija chokha ndiye chinali changa."