Wotcheza Kachasu Kuchigafa kwa a Andrea

Patatha zaka ziwiri chichitikire njala ija ya mu 1949, Bibiana wa ku Nchema anaona kuti pakhomo pake anthu akuchepa. Mayiyu anayamba kutcheza kachasu mwamuna wake atapita ku Halale osabweranso, ndipo mowa wake unkadziwika mpaka ku Namitambo. Koma tsopano Andrea, msilikali uja anabwera kunkhondo akutsimphina, analeka kubwera. Kenako Chester, telala wa ku Mbombwe. Kenako ngakhale Mikaele, munthu woti ankafika mame asanaume.

"Alipo amene akundilanda anthu," Bibiana anadziuza. Anafunsa kuchitsime, ndipo Nester, mkazi wa Mikaele, anamuyankha osamuyang'ana n'komwe: "Lachinayi lililonse masana amakhala kuchigafa cha fodya kwa a Andrea. Kadzionereni nokha."

Lachinayi litafika, Bibiana anamwa zikho ziwiri kuti manja aleke kunjenjemera, n'kumanga chitenje m'chiuno. Njira yonse ankakonza mawu oti akatukwanire mkazi amene ankamuganizira kuti akutcheza kachasu kumeneko.

Mkaziyo sanampeze. Anapeza amuna asanu ndi mmodzi atakhala pazipika, fodya ali lendelende pamitu pawo. Panalibe botolo, panalibe chikho. Mikaele ndiye ankalankhula, mutu uli pansi.

"Lolemba ndinadutsa pafupi ndi kwa mayi aja, fungo n'kundigwira pakhosi. Ndinathamanga, abale anga, ine bambo wa ana asanu, mpaka kudzagwera pano. A Andrea anakhala nane mpaka ludzu linapita."

"Mayi aja ndi ine!" Bibiana anakuwa ali pakhomo. "Ndiye mumasonkhana kuno kuti muzindidya miseche?"

Chester anadzambatuka. "Tulukani! Kuno timabwera anthu ofuna kuleka mowa, ndipo amene anatipha ndinu. Makina anga osokera anathera pakhomo panu. Mkazi wanga anabwerera kwawo chifukwa cha inu!"

"Chifukwa cha ine? Ndinakumangani chingwe m'khosi, a Chester? Munkabwera ndi miyendo yanu, Baibulo lili m'thumba! Tsiku lomwe munasanzira pamphasa yanga ndani anakupukutani? Ndani ankakukokerani pamthunzi kuti dzuwa lisakupheni? Lero mwasamba m'manja, mfiti ndakhala ine?"

Ankalankhula akuloza chala, koma chalacho chinkagwedezeka ngati bango m'madzi. Andrea anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi," anatero mofatsa, "mwamwa zingati lero?"

"Sindimwa ine. Ndimangolawa kuti ndimve ngati wapsa."

"Nafenso tinkangolawa," Mikaele anatero.

Mawu amenewo anamuwotcha kuposa chipongwe cha Chester. Bibiana anaponda pansi mwamphamvu mpaka fumbi la fodya linatutumuka.

"Inu mukudziwa chiyani? Inu mukaledzera anthu amaseka, amati ndi amuna. Ine ndinagwa m'ngalande mdzukulu ali kumbuyo, mwana n'kuthyoka mkono. Magdalena, mwana wanga wobala ndekha, anadzamutenga n'kundiuza kuti ndisadzapondenso pakhomo pake. Miyezi isanu ndi itatu! Ndani anandithamangira ine? Ndani anakhala nane? Inu mwapezana kuno, mukutonthozana, ine mwandisiya ndi mitsuko yanga ngati galu wa chiwewe!"

Sanafune kunena zimenezo. Zinangotuluka, ndipo zitatuluka anakwiya kwambiri, chifukwa amuna onse aja anali atamva.

Andrea anakankha chipika ndi mwendo wake wabwino. "Khalani pansi. Pano lamulo ndi limodzi: wina akamalankhula, enafe timamvera, ndipo zapano sizituluka."

"Akakhala iwowa, ine ndikupita," Chester anatero.

"Khomo ndi lomwelo," Bibiana anamuyankha, n'kukhala.

Chester anapitadi, akumenyetsa chipewa pantchafu. Otsalawo analankhula mmodzimmodzi. Bibiana anangopinda manja m'khwapa kuti asaoneke. Pobalalika, Andrea anamuuza kuti ludzu likamugwira abwere, kaya ndi tsiku lanji, mkazi wake adzamuphikira tiyi.

Kunyumba anapeza mitsuko itatu ya gaga itawira bwino, yongodikira moto. Anaiyang'ana, n'kuitukwana ngati anthu. Kuitaya sanathe, nanga akanadya chiyani? Loweruka anatcheza, anagulitsa, n'kumwanso. Lamulungu anadzuka masana, m'kamwa muli ngati mwagona khoswe, ndipo analira ndi ukali mpaka mawu anasasa. Lolemba sanamwe. Lachiwiri thupi lonse linkanjenjemera, choncho anayenda mpaka kwa Andrea, nakhala pakhonde tsiku lonse akusankha fodya ndi mkazi wa Andrea.

Lachinayi anafika woyamba kuchigafa. Chester analowa pambuyo pake, nakhala patali, atamufulatira.

"Ayambe ndani?" Andrea anafunsa.

"Ine," Bibiana anatero. "Ndinamwa Loweruka. Ndatha masiku anayi osamwa, ndipo ndikudana ndi aliyense ali muno."

"Sabata yoyamba imatero," Chester anayankha osatembenuka. "Ine ndinamenya mbuzi yosalakwa. Pitirizani, mayi, tikumva."