Mizere ya Kumunsi kwa Tsamba

Pulinta inali isanamalize kulavula mapepala pamene Mayi Hrisoula anatola tsamba limodzi, kuliyandikitsa kumaso, n'kufunsa mwana wawo Anthoula ngati akufuna maliro ena pamudzipo.

Bambo ake Anthoula, a Lefteri, anali ataikidwa m'manda sabata lomwelo. Anagwa m'chigayo chawo chofinyira maolivi akutsuka makina, nyengo yokolola ili pakhomo. Chaka chilichonse iwo ndi amene ankagawa masiku, ndipo banja lililonse linkalandira tsamba lakelake lonena tsiku lobweretsa matumba. Paja maolivi sadikira munthu, ukathyola n'kuwasiya m'thumba mafuta ake amawawa. Masambawo akanapanda kufika m'makomo Lolemba lisanakwane, alimi akanathamangira kuchigayo cha kutsidya, ndiyetu wopita kumeneko sabwereranso.

Malemuwo ankatulutsa masambawo ndi kapulogalamu kamene analemba okha kalekale. Kalibe zodina pazithunzi ayi. Umalemba lamulo pagalasi lakuda bii, iko n'kuwerenga fayilo ya alimi, n'kuidula m'masamba. Wokadziwako pang'ono anali Anthoula yekha, poti amagwira ntchito ya makompyuta mumzinda wa Iraklio. Amayi ake anamupempha kuti tsamba lililonse liitanirenso anthu kumwambo wokumbukira malemuwo wa tsiku lachisanu ndi chinayi, wodyera tirigu wophika kutchalitchi. Iye anawonjezera mzere umodzi pamwamba pa tsamba lililonse, anayang'ana masamba oyambirira, anaona kuti ali bwino, basi n'kusindikiza.

"Ili ndi tsamba la Pelagia," anatero amayiwo. "Koma tsiku lili pamwambali ndi la Sifi. Mwana iwe, ukufuna akumane pachigayo?"

Mudzi wonse ukudziwa za awiriwa. Sifi ndi mlamu wake wa Pelagia, ndipo amalimbirana mtengo umodzi wa pamalire. Chaka china Pelagia anamukhuthulira mnzakeyo ndowa ya zotsalira za maolivi m'mutu, wansembe akuona, Sifi n'kukhala sabata yonse akununkha ngati pansi pa mbiya. Kuyambira pamenepo a Lefteri sankawaika tsiku limodzi.

Anthoula anatsegula kapulogalamuko, manyazi atamugwira. Sanachedwe kuona cholakwa. Bambo ake ankadula tsamba powerenga mizere, ikakwana tsamba latha. Mzere wake uja unkakankhira zonse m'munsi, kukankhako n'kumaunjikana tsamba ndi tsamba, mpaka mathero a tsamba la uyu kukagwera pamwamba pa tsamba la uyo.

Ali mkati moganiza, analowa mchimwene wake Manouso, malaya akuda, ndevu zosameta chifukwa cha maliro. Ameneyu amakhala ku Atene, ndipo anthu ankanong'onezana kuti mwini chigayo cha kutsidya anamukokera pambali kumanda komweko kukamba za chigayo chawo, maluwa asanafote n'komwe. Anayang'ana mulu wa mapepala owonongekawo n'kunena kuti poti akukonzanso, awonjezeremo mawu ake: chigayo chatsekedwa, aliyense aone kolowera.

"Achimwene, mapepala ogawa masiku omwewa anenenso kuti tatseka?"

"Ndiye afinya ndani? Iweyo ndi zikhadabo zako zopentazo?"

"Inuyo. Si munakulira m'menemo?"

Manouso anayankha kuti anakuliramo n'chifukwa chake anathawamo. Anati ali ndi ntchito, ali ndi ana, ndipo chigayo chimene chapha bambo ake sichimupezanso iye. Amayi awo anayandikira mulu uja. Anangotola mapepala olakwikawo n'kumawang'amba limodzilimodzi, kuopa kuti lina lingatuluke panja.

Anthoula anabwerera pagalasi lija. Kumapeto kwa kapulogalamuko anapeza lamulo losiya mizere ingapo yopanda kanthu kumunsi kwa tsamba lililonse. Anapumira m'mwamba. Anachotsa mzere wake pamwamba paja, n'kulamula kuti mawu oitanawo alowe m'malo mwa mzere umodzi wopanda kanthu, kuti kuwerenga kusasokonekere. Anayesa kaye pa fayilo ina, n'kuyang'ana tsamba loyamba mpaka lomaliza. Pelagia anali ndi tsiku lake, Sifi lake.

Manouso anasuzumira paphewa la mlongo wakeyo n'kuloza ndi chala. "Apo, malo atsala ambiri. Mawu anga akwana bwinobwino."

Zala za Anthoula zinaima. Analibe chonamizira, malowo analipodi. Anacheuka kuyang'ana amayi ake.

"Pamenepo si pa makina," anatero amayiwo motsitsa. "Ndi pa bambo ako."

Anafotokoza kuti a Lefteri sankatumiza munthu ndi masambawo. Ankayenda nawo okha khomo ndi khomo, kufunsa kaye za bondo la uyu, za mwana wa uyo wopita kuusilikali, n'kumwa kakapu ka kachasu wa raki akawaumiriza. Akamva kuti pakhomopo palibe wonyamula matumba, ankasanjika tsambalo pachipupa n'kulemba pamanja kumunsiko kuti adzabwera ndi galimoto okha. Kwa Pelagia ankalemba kuti ndowa asiye kunyumba.

Manouso anaseka mosafuna, kenako anatembenukira kuzenera n'kukhala choncho kanthawi. Anthoula anasiya mizere yotsalayo yopanda kanthu. Analemba lamulo losindikiza, pulinta n'kuyamba kulira.

Masamba atatha, amayiwo anawasanja bwino n'kuwaika patebulo, cholembera pamwamba. Sanapatse munthu. Anthoula anatambasula dzanja, koma mchimwene wake anamuyambirira kuwatola.

"Chaka chino chokha," anatero osayang'ana aliyense. "Ndiye ankayambira kuti?"

Amayi ake anati ankayambira kuphiri, kwa nkhalamba Yakoumi, chifukwa ikukhala yokha ndipo ikapeza woyankhula naye sithetsa nkhani msanga. Manouso anadandaula kuti kumeneko n'kutali kuposa konse, ndiponso nkhalambayo ili ndi mitengo yochepa. Amayiwo anangolowa kukhitchini, n'kutulukako ndi theka la buledi atalikulunga m'kansalu.

"Kumeneko sankapita chimanjamanja," anatero.

Manouso anapanira bulediyo m'khwapa, anaika cholembera m'thumba la malaya, n'kutuluka.