Mwendo Umene Sunathyoke

1.
Aise, bwera kuno. Inde iweyo, amene umadikira zachipongwe za ine Ganizani Lachisanu lililonse. Lero usafulumire kuseka.

2.
Mesho wanga, amene tinkagona chipinda chimodzi kuhositelo, anali Lonjezo. Kukoleji anabwera ndi izi: ketulo, Baibulo losoka ndi ulusi, majakisoni a matenda a shuga. Chaka chachiwiri analowa feloshipu mutu ndi miyendo yomwe. Ine ndinkamutcha Abusa.

3.
Ndinabwereka ndodo zoyendera kwa goloboyi wa timu yathu. Bandeji. Masiku atatu ndikutsimphina, mwendo uli bwinobwino. Zinali zoseka basi.

4.
Lachinayi masana kuseri kwa laibulale, pansi pa m'bawa, pamapemphero a feloshipu, mlaliki wa chaka chachinayi akuti alipo wina pano mwendo wake ukulira, ine ndikupita kutsogolo, manja khumi pamutu panga, malilime, thukuta, ine ndodo uko, kulumpha, kuthamanga kuzungulira mtengo kawiri, atsikana akugwa, wina akujambula, anzanga kumbuyo akudziluma milomo, Lonjezo yekha ali chiimire akundiyang'ana

5.
Aise, wachiradi?
Simunaone, Abusa? Mpaka ndingamenye mpira.
Chabwino.

6.
Mawa lake sanapite kukafeteliya. Mkuja wakenso. Madzi okha. Majakisoni ali pawindo, osakhudzidwa.
Abusa, jakisoni bwanji?
Sindikudya, ndibayiranji?
Mwayamba kudikira chozizwitsa chanu eti?
Anangomwetulira.
Pano ndimadziuza kuti: unaona, iwe Ganizani, unaona milomo yake ikusweka. Ukanangonena mawu atatu. Koma unali utatchuka. A feloshipu ankakupatsa moni, M'bale Ganizani, ankakuitana kukachitira umboni, Tiyamike wa kwaya anakupatsa nambala.
Zinali zoseka basi.

7.
Tsiku lachisanu ndi chimodzi anagwa pamasitepe a kalasi.

8.
Chipatala. Madiripi. Nsalu.

9.
Ndinamupha ndi bodza. Anakhulupirira mwendo wanga, ndikutero ine Ganizani mumtima m'basi yonse yopita kumaliro ku Ntcheu, osatsegula pakamwa. A feloshipu akuimba. Wina akundigwira bondo, Mulungu yemwe anachiza uyu akudziwa chifukwa chake.

10.
Mayi ake anandiitanitsa kuseri kwa nyumba.
Ndiwe Ganizani?
Ndine, amayi.
Khala pansi, mwanawanga. Lonjezo anandiimbira foni Lachinayi lomwelo. Anati amayi, mesho wanga wanamiza anthu pamaso pa Mulungu. Ndinamuona m'mawa akuthamangira kubafa, ndodo atazisiya pabedi. Sindimuulula, angachite manyazi. Ndimusalira kudya masiku asanu ndi awiri, kuti Mulungu asamuwerengere tchimoli.
Kenako mayiwo anandifunsa.
Ndiye ndiuze. Unasintha?

Sindinawayankhe, aise. Mpaka lero. Iwe ukanakhala pamphasa imeneyo, ukanati chiyani? Lemba m'munsimu. Nthabwala ayi.