Nsapato za Mwana wa Eni

Basi isanafike pasiteji yake ya masiku onse, Mlendo anaimirira n'kudina belu. Anatsika mofulumira, chikwama cha mabuku chikumukoka phewa, ndipo sanacheuke mpaka atafika pakhomo la sitolo ya mankhwala. Atayang'ana m'galasi la chitseko anaona zomwe ankaopa. Bambo wa chipewa chotuwa uja nayenso anali atatsika, ndipo anaima potero ngati akuwerenga uthenga pafoni.

Dzina loti Mlendo anamupatsa ndi ana asukulu chifukwa dzina lake lenileni linkawapinda lilime. Anabwera m'dzikomo kudzaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya atsikana, mwamuna ndi ana n'kuwasiya kwawo. Chilankhulo cha eni dziko ankachimva mwa apo ndi apo, chogulira buledi ndi kufunsira njira. Chomwe chinkamuvuta kwambiri ndi nkhope zawo. Sankatha kusiyanitsa munthu wokwiya ndi munthu amene wangokhala chete.

Mlendo anayamba kumuona bamboyo mwezi wathawo. Ankakwera pasiteji yotsatira n'kukhala kumbuyo kwake ngakhale mipando ina ili yopanda anthu. Madzulo ankamupezanso.

Tsikulo Mlendo anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu. Pa nthawi yopuma anakhuthulira nkhawa yake mnzake wophunzitsa masamu, mayi wanthabwala amene aliyense ankangomutchula kuti a Masamu.

"Ndiye mwapeza wokuperekezani waulere," anatero a Masamu akutakasa tiyi. "Ndi wooneka bwino? Tiwauze abambo akunyumba ayambe kulongedza, asadzamve mochedwa."

"Musaseke, anzanga. Chilolezo changa cha ntchito sichinatuluke. Bwanji ngati ndi waboma, akufufuza kumene ndimayenda?"

"Waboma akwere basi? Iwo aja amabwera pagalimoto n'kukupezani mukumwa tiyi ngati pano. Mufunseni mwini wakeyo. Safunsa anadya phula."

Mawa lake madzulo kunali mvula yowaza. Pasiteji panali amayi ochepa ndi majumbo awo, ndipo Mlendo anaona kuti malo a anthu ngati amenewo ndiwo oyenera. Anatembenuka n'kumuyang'ana bamboyo m'maso.

"Bambo, mukufuna chiyani kwa ine?"

Bamboyo anavula chipewa. Anali ndi imvi zochepa, malaya osita bwino koma othaitha m'khosi. Analankhula pang'onopang'ono kuti amumve.

"Pepani, aphunzitsi, ndakuopsani. Ndinkasowa poyambira. Mwana wanga ali m'kalasi mwanu. Amavala magalasi, amakhala kutsogolo pafupi ndi zenera."

Mlendo anamudziwa mtsikanayo, wofatsa, wolemba bwino, wosakonda kukweza dzanja. Koma mtima wake sunatsike. Zenera limenelo silinkaonekera kumsewu.

"Mukudziwa bwanji pamene amakhala?"

"Kholo limadziwa."

"Nanga bwanji osabwera ku ofesi ngati makolo ena?"

"Mlonda sandilola. Ine ndi amayi ake tinasiyana, ndipo anandinenera zambiri." Anatulutsa jumbo m'jekete. "Ndi nsapato chabe. Kukubwera kuzizira. Mungompatsa, osanena zambiri."

"Aphunzitsi tilipo ambiri. Mwasankhiranji ine?"

Bamboyo anayang'ana pansi. "Enawo amandidziwa."

Basi inatulukira pakona. Anthu akukankhana pakhomo, bamboyo anamupanikiza jumboyo m'manja, n'kufunsa ndi mawu otsika ngati ongodutsa: "Lachitatu amaweruka mochedwa, eti? Amabwera kudzamutenga ndani masiku ano?"

Mlendo anangokwera, chitseko n'kutsekeka, bamboyo n'kutsala pasiteji chipewa chili m'manja.

Kunyumba anaika jumboyo patebulo n'kumaizungulira ngati muli njoka. Kenaka anaitsegula. Zinali nsapato zakuda zachikopa, zatsopano. Anapisa dzanja m'kati, anakweza kansalu kopondapo, anagogoda zidendene. Munalibe chilichonse. Koma ataziyang'anitsitsa anaona kuti zinali zazing'ono, za mwana amene mtsikanayo anali zaka zapitazo. Anakumbukira mwamuna wake akumufunsa pafoni saizi ya nsapato za mwana wawo wamkulu, iye n'kupeza kuti sakuidziwanso. Anakhala pampando nthawi yaitali.

M'mawa anaonetsa a Masamu jumboyo n'kufotokoza zonse. Nthabwala zinawathera.

"Wa chipewa ndi ameneyo? Ndikanadziwa dzana, sindikanaseka."

"Nkhani yake ndi yotani?"

A Masamu anayang'ana kukhomo kaye. "Ena amati ankamenya mkazi mpaka kugonekedwa m'chipatala. Ena amati abale a mkaziyo ndi anthu amphamvu, anamupangira nkhani kuti amulande mwana. Ine kunalibeko. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayiyo wasamuka kawiri."

"Inu mumakhulupirira ziti?"

"Ine ndimakhulupirira masamu. Mverani, achemwali, nyumba ya mwini saotchera mbewa. Tayani zimenezo m'bini, muiwale."

"Wandifunsa nthawi imene mwana amaweruka."

"Ndiye mukapita nazo kwa ahedi, funso loyamba likhala la inu, osati la iye. Chifundo chinapha nkhwali. Chilolezo chanu chili m'manja mwa ndani?"

Mlendo anakaphunzitsa. Akujambula mtima wa munthu pabolodi, maso ake ankangothawira kuzenera. Mtsikana uja ankakopera mwakachetechete, magalasi akutsetserekera pamphuno. Nsapato zake zinali zabwinobwino. Ankafuna kumufunsa ngati amawasowa bambo ake kapena amawaopa, koma funso lotero linalibe polowera. Belu litalira ananyamula jumbo ija n'kukagogoda kwa ahedi.

Ahedi anali mayi wamtali wosakonda kumwetulira. Anamvetsera mpaka kumapeto, osakhudza jumboyo.

"Mwakhala mukucheza naye kuyambira liti?"

"Sindinachezepo naye, mayi. Dzulo ndi koyamba."

"Koma mwati mwezi wonse mumakwera basi imodzi."

"Amandilondola."

"Ndipo simunanene kwa aliyense mu ofesi muno. Mwamuuza chiyani za mwana?"

"Palibe."

"Palibe, koma mphatso mwalandira." Ahedi anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo Mlendo analephera kuwerenga nkhopeyo ngati kale. "Mwachita bwino kubwera. Ndiwaimbira amayi ake. Za chilolezo chanu tikambirana zinthu zikakhazikika."

Sabata yotsatira mpando wa pazenera unali wopanda munthu. Ana anati mnzawo wapita kwa azakhali ake. A Masamu ananong'oneza kuti mayi wa mtsikanayo anabwera ndi galimoto ya katundu n'kutenga mwana pakati pa phunziro, ndipo palibe amene anauzidwa kumene alowera. Aphunzitsi ena anayamba kutsitsa mawu Mlendo akalowa m'chipinda chawo. Sanadziwe ngati akumuyamikira kapena akumunena. Jumbo ija anaiona tsiku lina pamwamba pa kabati ya mu ofesi, pambali pa maambulera oiwalika.

Bamboyo anasowa masiku angapo, mpaka Mlendo anayamba kukhala pampando wake mosacheukacheuka. Kenaka m'mawa wina wozizira anamva mpando wakumbuyo ukulira.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Ndadzuka bwino."

"Ndinadwala pang'ono. Nsapato zija, zinamukwana?"

Mlendo anayang'ana kutsogolo, kumsana kwa dalaivala. Anaona kuti bamboyo sakudziwa kuti mwana anachoka. Akamuuza zoona, ayamba lero lomwe kufunsa m'masiteji ndi m'mageti a masukulu ena, ndipo tsiku lina adzapeza mlendo wina wosadziwa nkhani. Akamunamiza, apitiriza kudikira pageti lolakwika, mwina mpaka chaka chithe. Anaganiza za mayi wosamuka ndi katundu kachitatu. Anaganizanso za malaya othaitha m'khosi aja.

"Zinamukwana," anatero.

Bamboyo anapumira m'mwamba. "Ndinkaopa kuti wakula. Zikomo, aphunzitsi. Mulungu akudalitseni."

Sanafunsenso za Lachitatu. Anatsika pasiteji yotsatira, ndipo Mlendo anamuona pazenera akuwoloka msewu mopepuka, akupatsa moni wogulitsa nyuzi.

Kuyambira tsiku limenelo Mlendo anasiya kukwera basi ija. Ankadzuka m'mamawa n'kuyenda wapansi mpaka kusiteshoni ya sitima, ulendo wozungulira umene unkamufikitsa kusukulu kudzera kugeti lakumbuyo. A Masamu atamufunsa ngati woperekeza uja anamukana, Mlendo anangoti sitima ndi yofunda.